Ogula ndalama zakale ku Kafue

Mu tauni ya Kafue, pa msewu wochokera ku Lusaka kupita ku Livingstone ndi ku Chirundu, muli ntchito ina yopanda shopu kapena chikwangwani: yogula ndalama zakale. Woichita amayenda ndi foni, kasikelo ndi maginito m'thumba, n'kumafunsa m'makomo ngati agogo anasiyako kachitini ka makobidi.

Zotuluka m'zitinimo nthawi zambiri ndi za nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, 1953 mpaka 1963: tiki, sheleni, ndi khobidi lija lobooka pakati, la njovu ziwiri, limene amayi ankamangirira mwana pa mkuzi. Zimenezi zinapangidwa zochuluka, choncho mtengo wake ndi wochepa, ngakhale mphekesera za pa Facebook zimalonjeza mamiliyoni. Ma ngwee a 1968, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, ndi chimodzimodzi.

Chimene ogulawa amalota ndi golide wosulidwa ndi anthu wamba, osati boma. Ku North Carolina, Christopher Bechtler anayamba kusula ndalama zake za golide mu 1831, chifukwa okumba migodi analibe posinthira fumbi lawo lagolide pafupi; ku California makampani ngati Moffat & Co. anachita zomwezo mu 1849. Zambiri zinasungunulidwa, n'chifukwa chake zotsala zimalimbiranidwa. Kuti ina ipezeke ku Kafue, ndi mwayi wa nzama, ndipo zabodza ndiye mbwee.

Koma ine chimandikhudza n'chakuti ndalama yosulidwa ndi amisiri tinali nayo pakhomo pomwe. Ku Ingombe Ilede, kufupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi, anthu okumba maziko a thanki ya madzi mu 1960 anapeza manda okhala ndi mikanda yagolide ndi mitanda yamkuwa. Mitanda imeneyi inali chuma chosinthanitsira malonda zaka mazana angapo zapitazo. Zoterezi ndi zotetezedwa ndi National Heritage Conservation Commission. Si za kugulitsa m'ngodya.

Wogula wodziwa ntchito sathamanga. Amagwira ndalama m'mphepete, osati pankhope, amawerenga chaka, amayeza kulemera kwake, kenako amayandikizitsa maginito: golide sakakamira. Phindu lake lili m'kudziwa kumeneku, ndipo wogulitsa wosadziwa ndi amene amadyeredwa masuku pamutu. Alipo ena achinyengo amene amati ndalama yanu ndi ya mtengo wapatali, koma muyambe mwatumiza kangachepe "ka mapepala". Wogula weniweni salipiritsa wogulitsa.

Cholakwa chimene chimandipweteka kwambiri ndi kukwecha ndalama ndi phulusa kapena mandimu kuti iwale. Kuthimbirira kuja ndi kumene osonkhanitsa amafuna. Mukakuchotsa, mwatsitsa mtengo ndi manja anu.

Ngati muli ndi kachitini ka agogo, musakatsuke. Jambulani ndalamazo mbali zonse ziwiri, ndipo funsani ogula atatu musanalole mtengo.