Maselo Osamva Belu: Mmene Khansa Imakulira M'thupi

Patchuthi chapitachi ndinapeza amalume anga atatupa mwendo, pakhungu pawo pali mawanga akuda ngati zipsera za moto. Kumudzi kunali manong'onong'o akuti aponda mankhwala. Koma kuchipatala adokotala anati imeneyi ndi khansa yotchedwa Kaposi sarcoma, ndipo yabwera chifukwa chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika. Funso linandivuta: kodi chitetezo ndi khansa zikugwirizana bwanji? Nditabwerera kuno ku seminale ndinafunsa aphunzitsi athu a Bayoloje, pakuti safunsa adadya phula. Zimene ndinaphunzirazo ndati ndigawane nanu, awerengi okondedwa.

Thupi lathu linamangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Maselowa sachita zinthu mwachisawawa. Monga ife pano timadzuka, kulowa m'kalasi ndi kukagona potsatira belu, iwonso amamvera mauthenga amene amatumizirana kudzera m'mapuloteni. Mukadzitema ndi chikwanje, maselo a pabalapo amalandira uthenga woti achulukane. Bala likapola amauzidwa kuti aleke. Selo limene lawonongeka kwambiri limalamulidwa kuti life, ndipo limafadi.

Khansa imayamba pamene malangizo a m'kati mwa selo asokonekera, mwina chifukwa cha fodya, tizirombo kapena ukalamba. Mwachitsanzo, puloteni ya Ras ikalakwika imangolamula selo kuti lichulukane usana ndi usiku. Puloteni ina, p53, ntchito yake ndi kuimitsa selo lolakwika, koma pafupifupi theka la khansa za anthu zimapezeka kuti p53 yawonongeka. Maselo osamverawa akaunjikana amapanga chotupa. Kenaka chotupacho chimatumiza uthenga wake woitana mitsempha yatsopano ya magazi kuti izichidyetsa. Mawanga a amalume aja anali akuda chifukwa anadzaza ndi timitsempha totere.

Komatu thupi lili ndi alonda. Asilikali a m'magazi, makamaka maselo a T, amayendera thupi lonse n'kumapha selo lililonse lachilendo. Vuto limadza alondawa akafooka kapena akagonekedwa tulo.

Tiyambe ndi kufooka. M'chaka cha 1994 akatswiri Yuan Chang ndi Patrick Moore anapeza kachirombo ka HHV-8 kamene kamayambitsa Kaposi sarcoma. Anthu ambiri kuno kwathu ali nako koma sadwala, chifukwa asilikali amakapanikiza. HIV ikawononga maselo a CD4, amene amatsogolera asilikali anzawo, kachirombo kaja kamapeza mpata. N'chimodzimodzi ndi khansa yotupitsa nsagwada za ana, imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958. Imeneyi imagwirizana ndi kachirombo ka Epstein-Barr, ndipo imachuluka kumadera kumene ana amadwala malungo pafupipafupi, poti malungo amatopetsa chitetezo. Nayonso khansa ya khomo la chiberekero, yobwera ndi kachirombo ka HPV, imagwira kwambiri amayi amene ali ndi HIV.

Nanga kugonekedwa tulo? Msilikali aliyense wa T ali ndi mabuleki ake omuletsa kuwononga thupi la mwini wake. Amodzi mwa mabulekiwa amatchedwa PD-1. Zotupa zina n'zochenjera: zimavala puloteni ya PD-L1 imene imaponda mabulekiwo, ndiye msilikali amafika pachotupa n'kungodutsa ngati waona mbale wake. James Allison wa ku America ndi Tasuku Honjo wa ku Japan analandira mphotho ya Nobel mu 2018 chifukwa cha kafukufuku amene anabala mankhwala omasula mabuleki otere. Odwala ena a khansa ya pakhungu ndi ya m'mapapo, amene kale analibe chiyembekezo, akhala zaka zambiri ndi mankhwalawa. Tsoka lake ndi okwera mtengo zedi, ndiponso sagwira ntchito pa wodwala aliyense.

Choncho kuchira kwa munthu sikudalira kukula kwa chotupa kokha ayi, komanso mphamvu za alonda ake. Amalume anayamba kumwa ma ARV, amene boma lathu linayamba kupereka ulere mu 2004, pamodzi ndi mankhwala a khansa. Dzulo ndalandira uthenga woti mwendo waphwa ndipo ayambanso kupita kudimba.

Inu makolo, chotupa chosapola musathamangire nacho kwa asing'anga. Pitani kuchipatala msanga. Ana azigona m'masikito, atsikana alandire katemera wa HPV, ndipo tonse tiyezetse magazi. Anzanga aseminale, mawa lino tidzakhala pambali pa odwala ambiri. Tidziwe zinthu izi kuti mawu akuti "waponda mankhwala" asadzachedwetse munthu amene akanachira.