Nyumba zazing'ono zosamaliramo agogo oiwalaiwala

M'midzi yambiri ya ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe nkhani yake imamveka mofanana. Kutacha, anthu apeza gogo ali pakhomo pa eni, sakudziwa kumene wachokera ngakhale dzina la mwana wake. Khamu likasonkhana, mlandu umagamulidwa pomwepo: wagwa pa lichero paulendo wa ufiti. Komatu achipatala akaona zizindikiro zomwezo amayamba aganizira za dementia, matenda amene amawononga ubongo pang'onopang'ono mpaka munthu kuiwala njira ya kwawo, kudya ndi kusamba komwe.

Bungwe la Alzheimer's Disease International linayerekeza kuti mu 2015 anthu 2.13 miliyoni a m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anali ndi matendawa, ndipo podzafika 2050 adzakhala 7.62 miliyoni. Ana awo ambiri ali kuntchito ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg. Funso loti adzawayang'anira ndani usana ndi usiku silingazembedwe.

Maiko olemera anayamba ndi kumanga nyumba zikuluzikulu zonga zipatala, zogonamo okalamba 100 kapena kuposerapo. Anadzaona kuti munthu woiwalaiwala amasokonezeka kwambiri m'makonde ataliatali momwe nkhope zimasintha tsiku ndi tsiku. Ku Sweden anayamba kuwasamalira m'timagulu ting'onoting'ono m'zaka za m'ma 1980, ndipo ku Japan gulu limodzi lotere silipitirira anthu 9.

Chitsanzo chotchuka ndi cha Green House ku United States, chimene anayambitsa dokotala Bill Thomas. Nyumba zoyamba zinatsegulidwa mu 2003 ku Tupelo, m'chigawo cha Mississippi. Nyumba iliyonse imasunga okalamba 10 kapena 12, aliyense ndi chipinda chake. Khitchini imakhala pakati, poonekera, kuti fungo la ndiwo liziwakumbutsa kuti nthawi yakudya yayandikira, ndipo onse amadyera pa tebulo limodzi. Wophika ndi yemweyo amene amasambitsa, kuchapa ndi kucheza nawo, motero amadziwa kuti gogo uyu akayamba kuyendayenda madzulo ndiye kuti akufuna kuchimbudzi, pamene uyo akufunafuna mkazi wake amene anamwalira kalekale. Anamwino amachita kubwera kudzawaona. Kafukufuku amene anatuluka mu 2021 anapeza kuti COVID-19 inagwira ndi kupha anthu ochepa m'nyumba zimenezi poyerekeza ndi m'nyumba zikuluzikulu.

Mlimi wa kuno atamva zimenezi akhoza kuseka, poti azungu awononga ndalama zambiri kuti apeze chinthu chimene mudzi uli nacho kale: khonde, moto wapabwalo ndi nkhope zodziwika. Akunena zoona, koma mbali imodzi yokha. Chimene mudzi ulibe ndi munthu wophunzitsidwa amene akudziwa kuti wodwalayu sakangana naye akalakwitsa dzina, kuti amatha kuiwala kumwa madzi mpaka kufooka, ndiponso kuti wogonera kumodzi amafunika kumutembenuza pafupipafupi kuti asatuluke zilonda. Mulibenso womulandira ntchito mwana wamkazi kapena mdzukulu amene wakhala miyezi osagona tulo tokwanira, munda wake uli thengo.

Kuchepa kwa nyumba pakokha sikuteteza munthu. Mu 2016 nthambi ya zaumoyo ya chigawo cha Gauteng ku South Africa, pofuna kuchepetsa ndalama, inasamutsa odwala matenda a maganizo oposa 1,000 kuchoka m'zipatala za Life Esidimeni kupita kumabungwe ang'onoang'ono, ena okhala m'nyumba wamba za m'makomboni. Sanali okalamba okhaokha, koma onse ankadalira ena pa chakudya ndi mankhwala. Anthu 144 anamwalira, ambiri ndi njala, ludzu, kuzizira ndi kusowa chisamaliro. Pulofesa Malegapuru Makgoba, amene anafufuza nkhaniyi, anapeza mu 2017 kuti mabungwe 27 amene analandira odwalawo analibe ziphaso zovomerezeka.

Choncho mpingo kapena komiti ya chitukuko ikamaganiza zotsegula nyumba yotere, njerwa ndi malata zibwere pambuyo. Poyamba padziwike amene azidzuka usiku gogo akatsegula chitseko, amene azimulipira munthuyo chimanga chikatha m'nkhokwe mu Januwale, ndi mlangizi wa zaumoyo amene azifika mosayembekezereka kudzaona ngati m'mbale muli nsima.