Mayi wapakati wogwidwa ndi chibaba cha heroin

Anzathu ophunzira, nkhani ya lero ndi yolemera. Tiyiwerenge pang'onopang'ono, ndipo amene wayamba kuwerenga bwino athandize mnzake. Muli mawu achilendo, koma tisawaope. Ndi mawu amene tsiku lina tingafunike kuwatchula pamaso pa anamwino.

Ku maiko ena, makamaka ku Afghanistan, anthu akhala akulima duwa lotchedwa popi. Akacheka chibalobalo chake, pamatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Mu utomoni umenewu mumachokera morphine ndi codeine, ndipo kuchokera ku morphine anthu amapanga heroin. Tramadol ndi pethidine amapangidwa ku fakitale, koma m'thupi amagwira ntchito mofanana ndi anzawowa. Onsewa ndi banja limodzi, ndipo dzina la banjalo ndi opioid. M'manja mwa dokotala, morphine ndi mankhwala abwino othetsa ululu wa munthu amene wachitidwa opaleshoni kapena amene akudwala khansa. Vuto limayamba pamene munthu akumwa, kusuta kapena kudzibaya mankhwalawa tsiku ndi tsiku.

Wina afunsa kuti zimenezi zikutikhudza bwanji ife a kuno. Kuyambira zaka za m'ma 1990, heroin wakhala akudutsa m'dziko lathu la Mozambique. Zombo zimamunyamula ku magombe a Pakistan ndi Iran n'kudzamutsitsa ku magombe a Cabo Delgado ndi Nampula, kenaka magalimoto amapita naye ku South Africa. Koma thumba loyenda ulendo wautali silifika lathunthu: wina amatsala m'matauni mwathu. Abale athu opita kukagwira ntchito ku Johannesburg amakamupezanso kumeneko atasakanizidwa ndi zinthu zina, akusutidwa pamodzi ndi chamba, ndipo amatchedwa nyaope. Pakati pa ogwidwa ndi mankhwalawa pali atsikana ndi amayi, ndipo ena mwa iwo amatenga pakati.

Chibaba n'chiyani?

Thupi likalandira opioid masiku ambiri motsatizana, limazolowera. Muyezo umene unkakwana dzana sukwananso lero, munthu amawonjezera. Pakapita nthawi, thupi silithanso kuyenda bwino popanda mankhwalawo. Wosuta kapena wodzibaya heroin akakhala maola 6 mpaka 12 osalandira, amayamba kuyasamula pafupipafupi, misozi ndi mamina zimangotuluka, thukuta lili kamukamu, khungu lachita tsemwe. Kenaka m'mimba mumapota, amasanza, amatsekula m'mimba, mafupa amaphwanya ndipo tulo sabwera. Kuzunzikaku kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, ndipo kumatenga pafupifupi sabata kuti kuchepe. Munthu wotere sakuchita dala. Akudwala, monga amadwalira wa shuga kapena wa chifuwa chachikulu.

Tsono taganizirani mayi wapakati. Chimene chalowa m'magazi mwake chimadutsa pa nsengwa n'kufika kwa mwana. Mayi akazolowera, mwana wazoloweranso. Mayi akayamba kuzunzika ndi chibaba, mwana m'mimbamo akuzunzikanso, ngakhale ife sitimuona.

Chifukwa chake tisamusiyitse mwadzidzidzi

Apa ndi pamene mabanja ambiri amasochera, ndipo amasochera chifukwa cha chikondi. Amalume, apongozi kapena mwamuna akamva kuti mtsikana ali ndi pakati, amati: “Asiye lero lomwe, aononga mwana.” Ena amamutsekera m'nyumba. Ena amamutengera kumudzi, kutali ndi tauni, kuti akapirire mpaka chibaba chitatha. Maganizo ake ndi abwino, koma njira yake ndi yoopsa.

Mayi akasiya mwadzidzidzi, chiberekero chimatha kuyamba kukokana ngati matenda ayamba. Kusanza ndi kutsekula m'mimba kumamuthera madzi m'thupi. Pakati pakakhala pang'ono, angapite padera. Pakakhala pakulu, mwana angabadwe masiku asanakwane.

Koma choopsa chachikulu chimabwera pambuyo. Anthu ambiri amene asiya opioid mwa kungopirira amabwererako patapita masabata kapena miyezi. Zimenezi zaoneka m'maiko ambiri kumene madokotala anatsata odwala awo. Ndiye tamverani bwino apa: munthu akakhala masiku angapo osalandira, thupi limataya chizolowezi chija. Akabwerera n'kutenga muyezo wake wakale, muyezowo tsopano wamukulira. Kupuma kumachepa, kumachepa, mpaka kuleka. Banja limene linkafuna kupulumutsa mwana limaika maliro a anthu awiri.

N'chifukwa chake m'chaka cha 2014 Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse, la WHO, linalemba malangizo akuti mayi wapakati wozolowera opioid alimbikitsidwe kulandira mankhwala olowa m'malo, osati kungomusiyitsa. Mankhwalawo alipo awiri: methadone ndi buprenorphine. Ku chipatala kwathu kuno, kumene mabuku amalembedwa m'Chipwitikizi, tidzamva akuti metadona ndi buprenorfina. Tiyeni tiwalembe m'makope mwathu maina amenewa.

Kodi uku si kungosinthanitsa chibaba?

Funso limeneli limabwera nthawi zonse, ndipo ndi funso la nzeru. N'zoona, methadone ndi buprenorphine ndi a banja lomwelo la opioid. Koma tiyerekeze ndi moto. Heroin ali ngati moto wa mapesi: umalilima kamphindi, kenaka phulusa, ndipo munthu ayenera kuthamanganso kukasaka mapesi ena. Mayi amakwera ndi kutsika katatu kapena kanayi pa tsiku, ndipo mwana amakwera ndi kutsika naye. Methadone ali ngati chikuni chachikulu chimene chimanyeka pang'onopang'ono usiku wonse. Mayi amamwa kamodzi pa tsiku, kawirikawiri ngati madzi a m'kakapu, pamaso pa anamwino. Pa muyezo woyenera saledzera, chibaba sichimugwira, amatha kudya, kugona, kugwira ntchito ndi kupita ku sikelo. Muyezo wake umadziwika, pamene heroin wa mumsewu palibe amene amadziwa mphamvu yake kapena zimene amusakaniza nazo. Palibenso singano yobwerekana, imene imafalitsa HIV ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C.

Buprenorphine ndi mbulu wa mankhwala woika pansi pa lilime kuti usungunuke. Ali ndi lamulo lake: amayambidwa pamene chibaba chayamba kale kuoneka. Munthu akamumwa heroin adakali wambiri m'magazi, chibaba chimamugwera mwamphamvu nthawi yomweyo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mankhwalawa sayenera kugulidwa kwa mnzathu kapena kuyambidwa kunyumba.

Mayi akayamba kulandira methadone, pali chinthu chimene chimamudabwitsa. Miyezi yomaliza ya pakati, magazi amachuluka ndipo chiwindi chimaphwanya mankhwala mofulumira. Muyezo umene unkakwana tsiku lonse umayamba kutha usiku kusanache. Dokotala angawonjezere muyezo kapena kuugawa pawiri, m'mawa ndi madzulo. Izi sizisonyeza kuti mayi walephera. Amayi ena amachepetsa okha mobisa poganiza kuti akuchitira chifundo mwana. Asatero. Kafukufuku sanapeze kuti muyezo wochepa ndiwo umatsimikiza kuti mwana adzavutika pang'ono akabadwa, koma n'zodziwika kuti muyezo wosakwana umabwezera mayi ku heroin.

Thandizo limeneli ndi latsopano ku mbali yathu ino ya Africa. Ku Tanzania, chipatala cha Muhimbili mumzinda wa Dar es Salaam chinayamba kupereka methadone m'chaka cha 2011. Kwathu kuno, ku Mafalala mumzinda wa Maputo kunatsegulidwa malo olandirira anthu ogwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo m'chaka cha 2018, ndipo m'chaka cha 2020 methadone anayamba kuperekedwa mumzindawo, Unduna wa Zaumoyo ukugwira ntchito pamodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières. Ife a ku Tete ndi ku Niassa tikudziwa kutalika kwa Maputo, ndipo si chipatala chilichonse chimene chimasunga mankhwalawa. Komabe kutalikako si chifukwa chokhalira chete. Mayi apite ku sikelo msanga, akanene zoona, kuti anamwino ndi dokotala aone kumene angamutumize. Ngati pafunika kumusiyitsa ndithu, zichitike ku chipatala, pang'onopang'ono, azaumoyo akuyang'anira iye ndi mwana.

Zokanena kwa anamwino ndi izi: mankhwala ake ndi ati, amalandira kangati pa tsiku, amasuta kapena amadzibaya, ndipo analandira komaliza nthawi yanji. Anenenso ngati amamwa kachasu, mowa wina uliwonse kapena mapiritsi ogonetsa monga diazepam, chifukwa zimenezi zikakumana ndi methadone zimatha kuimitsa kupuma. Amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu asabise, popeza rifampicin amachepetsa mphamvu ya methadone m'thupi. Manyazi ndi amene amatseka pakamwa, choncho wachibale mmodzi wamtima wabwino amuperekeze. Ndipo kwa anamwino athu tikupempha kuti: mayi wotere mukamukalipira tsiku loyamba, sabweranso.

Mwana akabadwa

Mayi ameneyu akachilire ku chipatala, osati kunyumba, ndipo azamba adziwe za mankhwala ake matenda asanayambe. Mchombo ukangodulidwa, mwana salandiranso opioid uja, ndiye ana ambiri amaonetsa chibaba. Kwa mwana wa mayi wa heroin, zizindikiro zimayamba tsiku loyamba kapena lachiwiri. Kwa wa methadone zimachedwerapo, kawirikawiri tsiku lachiwiri kapena lachitatu, nthawi zina mochedwa kuposa apo. N'chifukwa chake mayi ndi mwana amasungidwa masiku 4 mpaka 7, ngakhale mwana akuoneka bwino. Banja lisakakamize kuti atuluke msanga.

Mwana wotere amalira mokweza ndi mawu oswa m'khutu, ndipo satonthola msanga. Manja ndi miyendo zimanjenjemera, thupi limauma. Amayetsemula ndi kuyasamula kawirikawiri, amafuna bere mwaphuma koma sayamwa bwino, amatsekula m'mimba, thupi lingatenthe. Ochepa amagwa linjirinjiri. M'chaka cha 1975 dokotala wa ana wa ku America, Loretta Finnegan, analemba mndandanda wa zizindikiro zimenezi kuti anamwino azitha kuyeza kukula kwa vuto, ndipo zipatala zambiri zaugwiritsa ntchito. Chotilimbitsa mtima n'chakuti vutoli limachizika ndipo limatha. Zotsatira za kafukufuku wotchedwa MOTHER, zimene zinatuluka m'chaka cha 2010, zinasonyeza kuti ana a amayi olandira buprenorphine anakhala m'chipatala masiku pafupifupi 10, pamene a methadone anakhala masiku opitirira 17. Koma m'kafukufuku yemweyo, amayi amene analekera mankhwala panjira anali ambiri ku mbali ya buprenorphine. Choncho palibe mankhwala amodzi oyenera aliyense. Dokotala ndi mayi amasankha pamodzi.

Mankhwala oyamba a mwana ameneyu ndi mayi ake. Agone naye chipinda chimodzi, mopanda phokoso ndi kuwala kwambiri. Amuike pachifuwa, khungu kukhudza khungu, monga timachitira ndi ana obadwa masiku asanakwane. Amukulunge bwino m'chitenje, amuyamwitse pang'ono koma pafupipafupi. Alendo odzaona mwana adikire kaye. Kumupatsirana m'manja kumamuwonjezera kulira. Ngati zimenezi sizikwana, dokotala amapereka timadontho ta morphine toyezedwa molingana ndi kulemera kwa mwana, n'kumachepetsa tsiku ndi tsiku mpaka kusiya.

Mayi amene wakhazikika pa methadone kapena buprenorphine ayamwitse. Mankhwala amene amalowa mu mkaka ndi ochepa kwambiri, ndipo ana oyamwa amavutika mocheperapo. Amene ali ndi HIV apitirize kumwa ma ARV ndi kutsata malangizo a ku sikelo. Koma amene wabwerera ku heroin, kapena akumwa tramadol kapena codeine, afunse anamwino asanayamwitse, chifukwa mankhwala amenewa angagonetse mwana mpaka kulephera kupuma. Ndipo chonde, mwana akamalira usiku, wina asayese kumudonthezera methadone wa mayi ake, mowa kapena mankhwala a zitsamba kuti agone. Methadone wochepa chabe akhoza kupha mwana. Ngati mayi wapatsidwa wina woti akamwere kunyumba, asungidwe pokhoma, kutali ndi ana onse a pakhomo.

Miyezi yotsatira kutuluka m'chikuta ndi yoopsa kwa mayi. Watopa, sagona, ena amagwidwa ndi chisoni chosadziwika chiyambi chake, ndipo achibale amayamba kunena kuti mwana wabadwa, mankhwala aja asiye tsopano. Asasiye. Za kuchepetsa muyezo akambirane ndi dokotala, ndipo kwa anthu ambiri zimatenga miyezi yochuluka kapena zaka.

Aliyense wa pakhomopo adziwe zizindikiro za munthu amene mankhwala amupitirira muyezo. Sadzuka ngakhale timugwedeze kapena kumuitana mokweza. Amapuma motalikiratalikira kapena kuliza mkonono wachilendo. Milomo ndi zikhadabo zimasintha mtundu, ndipo kamwana ka diso kamachepa ngati nsonga ya singano. Tisamusiye kuti “agone, adzuka yekha”. Tisamuthire madzi kapena kumumwetsa kanthu. Ngati akupuma, timugoneke chammbali, ndipo wapakati agonere kumanzere. Ngati wasiya kupuma, timuuzire mpweya pakamwa pamene wina akuthamangira galimoto. Pali mankhwala otchedwa naloxone, m'Chipwitikizi naloxona, amene amabweza kupuma m'mphindi zochepa, ndipo amaperekedwa ngakhale kwa mayi wapakati. Mphamvu yake imatha msanga kuposa ya methadone, choncho ngakhale mayi atatsitsimuka n'kunena kuti ali bwino, tipite naye ku chipatala ndithu.