CHAPLIN SANALANKHULE KOMA TINAMUMVA

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwa amalume ku Ndirande. Tsiku lina madzulo tinaonera filimu yakalekale yotchedwa Modern Times. Zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera basi, ndipo mwini sewero salankhula. Komabe amalume, amene sadziwa Chingerezi, anaseka mpaka misozi. Kenaka anangoti zii, nati, "Mphwanga, munthu uyu ndi ine." Mawu amenewa ndiwo andilembetsa nkhaniyi.

Mwini seweroyo ndi Charlie Chaplin, yemwe anabadwira ku London mu 1889 ndipo anamwalira mu 1977. Umphawi sanachite kuumva kwa ena ayi. Ali ndi zaka 7 anamutumiza kunyumba yosungirako amphawi, ndipo pambuyo pake amayi ake anadwala misala. Pamene ankayamba ntchito yake, makina a kanema sankajambula mawu. Choncho wosewera ankafotokoza zonse ndi nkhope, manja ndi mayendedwe.

Modern Times inatuluka mu 1936, anthu ambiri ku America ali pa ulova chifukwa cha kugwa kwa chuma kwa mu 1929. Chaplin ndi wantchito wa m'fakitale womanga mabauti pa lamba wothamanga. Bwana akuonjeza liwiro, mpaka makina akumumeza. Atatuluka m'chipatala, akutola mbendera yogwa pa lole, ndipo apolisi akumumanga pomuyesa mtsogoleri wa anthu ochita zionetsero. Atamasulidwa akufuna kubwerera kundende, poti kumeneko chakudya ndi pogona zilipo. Mu filimu ina, The Gold Rush ya mu 1925, njala itamupana akuphika nsapato yake, naidya mwaulemu ngati nkhuku ya pa Khirisimasi.

Nanga n'chifukwa chiyani zakalezi zikutikhudzabe? Choyamba, njala ndi ulova sizifuna womasulira. Dzukani m'mamawa muone chikhamu cha anthu chikutsika wapansi kuchokera ku Ndirande kupita ku Makata. Ena ali pa ntchito, koma ena, monga amalume, amakangoima pa geti kudikira ganyu. Nkhani ya sitalaka nayonso si yachilendo kwathu kuno: mu Meyi 1992 antchito a ku David Whitehead ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino.

Chachiwiri, ndipo chachikulu, Chaplin sanyoza mmphawi. Jekete lake n'lothina, nsapato n'zazikulu, koma amasasa fumbi, n'kukonza chipewa, n'kupitiriza ulendo. Tikamaseka, tikuseka dziko limene limayesa munthu ngati bauti. Amalume nawonso amasita malaya awo usiku uliwonse, ngakhale ganyu ya mawa isakudziwika.

Anzanga, ife tili ndi mwayi wa sukulu, ndipo nsima imatipeza pa nthawi yake. Mukadzapeza mafilimu amenewa, dzaonereni pamodzi ndi makolo. Dzasekeni ndithu, koma mudzayang'anenso nkhope ya amene mwakhala naye pafupi. Paja akulu anati, chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.