Mwana Uyu Ndi wa Mtundu Wanji?

Mwezi uno tifuna kukambirana za kanema wochedwa Sometimes in April, amene anakonzedwa ndi Raoul Peck m'caka ca 2005. Ngakhale kuti nkhani yake inacitikira kutali ku Rwanda, funso limene afunsa lili pakhomo pathu pomwe.

Pa 6 April 1994 ndege ya Pulezidenti Habyarimana inawomberedwa, ndipo m'masiku 100 otsatira anthu pafupifupi 800,000, makamaka Atutsi, anaphedwa. Kanemayu atsatira abale awiri a mimba imodzi. Augustin ndi msilikali wacihutu amene anakwatira Jeanne, mkazi wacitutsi. Mbale wace Honoré agwira nchito pa wailesi ya RTLM, imene inali kusonkhezera cidani usana ndi usiku. Pa misewu anthu anali kuimitsidwa ndi kufunsidwa citupa, pakuti kuyambira m'nthawi ya atsamunda a ku Belgium mtundu wa munthu unali kulembedwa pamenepo. Liu limodzi la pa pepala linali kugamula za moyo kapena imfa. Augustin anataya mkazi wace ndi ana onse atatu.

Cimene citikhudza koposa ndi ca mwana wace wamkazi, wophunzira pa sukulu ya Katolika. Zigawenga zitafika zinalamula kuti Ahutu aime kwaokha, Atutsi kwaokha. Atsikanawo anakana kupatukana, ndipo anawomberedwa pamodzi.

Tisabise pano: opha ndi ophedwa ambiri anali obatizidwa. Ku Nyange chalichi cinagwetsedwa pamwamba pa anthu amene anathawiramo, ndipo wansembe Athanase Seromba anapezeka wolakwa ku khoti la ku Arusha m'caka ca 2006. M'caka ca 2017 Papa Francis anapempha cikhululukiro ca Mulungu cifukwa ca macimo a ana a Eklezia pa nthawi imeneyo. Madzi a ubatizo ananyowetsa mutu, koma mtima unakhalabe wouma.

Ife a kuno ku Vubwi nkhondo sitiimva m'nthano ai. Tikumbukira anzathu a ku Mozambique amene anabwera atasenza mitolo kuthawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Ena anatengedwa kupita ku Ukwimi, ena anakhala pakati pathu, nakwatira ndi kukwatiwa. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 October 1992, mothandizidwa ndi gulu la Akatolika la Sant'Egidio. Ambiri anabwerera kwao, koma ana ndi adzukulu a amene anatsala ali m'midzi mwathu. Pakabuka mkangano wa munda kapena wa unyakwawa, kodi sitimva mau akuti uyu ndi wobwera? Komatu pa Kulamba ku Mkaika, Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amagwadira Gawa Undi mmodzi.

Mwana wa bambo Mngoni ndi mai Mcewa ali ndi kwao kuwiri: kucimuna amuwerenga, kucikazi amuwerenganso. Cimeneci ndi cuma. Muuzeni mwanayo mbiri ya makolo a mbali zonse ziwiri, mfunda wace ndi kumene agogo anacokera, mopanda kunyoza mbali ina. Mwana wobisiridwa mbiri yace adzaimva kwa adani.

Kanemayu ali ndi zithunzi zoopsa, conco tipempha kuti tiana tisamuonere. Koma akulu ndi acinyamata amuonere pamodzi, kenaka afunsane: tsiku loti atiuze kuti tipatukane, kodi ana athu adzaima pati? Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Tiyeni tiwaphunzitse lero, moto usanafike pa chire lathu.