Nyimbo Yabwino Ndi Imene Yakwana Pakhosi

Kwa Kaduya, m'boma la Phalombe, Loweruka masana sipasowa phwando: kaya ndi ukwati, kaya ndi tsiku lotsekera sukulu. Sipika amaiika pa tebulo, nthambo yake yalumikizidwa ku batire ya sola, ndipo foni ikutulutsa zing'wenyeng'wenye zokha popanda mawu a woimba. Mtsikana wagwira maikolofoni ndi manja awiri. Ndime yoyamba wadutsa bwino, koma pofika pa kolasi nyimbo ija yakwera, mitsempha ya m'khosi yatuluka, mawu asasa, ndipo anzake ayamba kuyang'ana pansi. Pobwerera kunyumba anthu akunena kuti mwanayo sadziwa kuimba. Akumulakwira. Chamugwetsa ndi nyimbo imene wasankha. Nyimbo ili ngati nsapato, imafuna kuyesa kaye musanayende nayo ulendo.

Kuimba motsatira zoimbira zojambulidwa kale kumeneku n'kumene ku Japan amati karaoke. Dzinali linachokera ku mawu awiri: kara, kutanthauza chopanda kanthu, ndi oke, chidule cha okesutora, gulu la oimba ndi zida. Mmodzi wa anthu amene amatchulidwa kuti anayambitsa zimenezi ndi Daisuke Inoue, woimba ng'oma wa mumzinda wa Kobe, yemwe mu 1971 anayamba kuika m'malo achisangalalo makina oliza nyimbo munthu akaponyamo ndalama yachitsulo. M'zaka za m'ma 1980 kunabwera tizipinda tolipira pa ola, momwe anthu ochepa odziwana amaimba okhaokha, mawu a nyimbo akuyenda pa kanema. Makinawo ali ndi batani lokweza kapena kutsitsa kiyi. Batani limeneli likutiuza kanthu: eni karaoke anazindikira kalekale kuti nyimbo ndiyo iyenera kutsata khosi la munthu.

Wina angafunse kuti za Chijapani zikumukhudza bwanji mtsikana wa m'tsinde mwa phiri la Michesi. Yankho lili pa lilime. Chijapani chili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, monga Chichewa ndi Chilomwe. Pafupifupi maphatikizo ake onse amathera pa lembo la liwu: sa-ku-ra, ko-ko-ro, ha-na. Ngakhale liwu lawo limene amalemba ndi r limamveka pakati pa l ndi r, momwe ifenso timachitira. Choncho mwana amene anaphunzira kuwerenga ma, me, mi, mo, mu mu Sitandade 1 angathe kutchula mawu a nyimbo ya Chijapani yolembedwa m'malembo athu ano mosavuta kuposa ya Chingerezi, imene imaunjika malembo opanda liwu atatu kapena anayi pamodzi. Ndipo chilankhulo sichinatsekerepo nyimbo njira: mu 1963 nyimbo ya Kyu Sakamoto, imene kunja anaitcha Sukiyaki, inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard ku America ili m'Chijapani chokhachokha.

Komabe kutchula mawu ndi chiyambi chabe. Zoyesera zenizeni ndi zitatu: mtunda umene uli pakati pa liwu lotsika kwambiri ndi lokwera kwambiri m'nyimboyo, liwiro lake, ndiponso ngati ili ndi popumira. Mwachitsanzo, pa nyimbo za Chijapani, ya Aimyon yotchedwa Marigold, ya mu 2018, imayenda mwa phazi ndi phazi, ndipo mbali yake yaikulu ili pafupi ndi mawu amene mkazi amayankhulira, n'chifukwa chake oyamba kumene amaikonda. Mirai e, imene Kiroro anatulutsa mu 1998, ndi yodekha, ndipo mzere uliwonse umasiya mpata wokoka mpweya. Koma Idol ya Yoasobi, ya mu 2023, imathamanga ngati mvula ya matalala pa malata, kwinaku ikudumpha kuchoka pansi kupita pamwamba. Gurenge ya LiSA, ya mu 2019, yotchuka chifukwa cha katuni ya Demon Slayer, imafuna chifuwa champhamvu. Kudekha kwa nyimbo nakonso kumanyenga: First Love ya Hikaru Utada, ya mu 1999, ndi yapang'onopang'ono, koma kolasi yake imakwera mpaka pa liwu lopyapyala limene limafuna kuzolowera. Njira yoyesera ndi yapafupi. Yambani ndi kolasi, pakuti phiri lili pamenepo. Ing'ung'udzeni mukutsuka mbale kapena mukupeta chimanga. Ngati chibwano chikudzuka, khosi n'kuuma, itsitseni kiyi kapena isiyeni.

Pali amene amati kusankha nyimbo yosavuta ndi ulesi. Koma kuthamanga si kufika. Mtsikana amene wamaliza nyimbo yonse mawu ali bwinobwino, anthu n'kumuombera m'manja, adzagwiranso maikolofoni mawa, ndipo khosi lake lidzakula ndi ntchito. Amene wasekedwa pa gulu kawirikawiri sabwereranso, ndipo luso lake limafera m'nyumba. Ena amadandaula kuti mwana angaimbe zolaula osadziwa. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo mankhwala ake ndi kufufuza tanthauzo la nyimbo musanaiphunzire. Foni yomwe yabweretsa nyimboyo ingathenso kumasulira mawu ake. Kudziwa tanthauzo kumakometsanso kaimbidwe, chifukwa nyimbo yolira siimbidwa ndi nkhope ya pa ukwati. Makolo enanso amaona karaoke ngati chinthu cha m'malo omwera mowa a ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Koma sipika ndi foni sizisankha malo. M'kalasi Lachisanu masana, kapena pakhonde azakhali ali pomwepo, zimalira chimodzimodzi.

Dandaulo lolemera kuposa onse ndi lakuti ana angaiwale zakwawo. Phalombe ndi kwawo kwa tchopa, gule wa Alomwe amene bungwe la UNESCO linamulemba mu 2014 pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse. Chuma chotere sichisinthanitsidwa ndi nyimbo za m'foni. Komatu akuluakulu omwewo anati nyimbo imodzi sachezera gule. Ndipo phunziro la karaoke si lachilendo kwa ife: mayi woyambitsa nyimbo pa mtondo kapena pa maliro amadziwa kuti akaiyamba pamwamba, ovomera athawa. Mphunzitsi wa kwaya kwa Kaduya, mlongo wamkulu, kapena mnyamata woyendetsa sipika pa ukwati, asanapereke maikolofoni kwa mtsikana amufunse ngati kolasi waiyesa kale. Ikakhala yokwera, aitsitse pang'ono, mwanayo aimbe mpaka kumapeto.