Miyala Yopondapo Pooloka Mtsinje: Nchito ya Dokotala Rachel Jewkes

Mukamva mau akuti dokotala, ambiri a inu muganiza za munthu wobvala malaya oyera amene apima odwala ndi kuwalasa nyeleti. Koma alipo madokotala a mtundu wina amene wodwala wao si munthu mmodzi ai, koma mudzi wonse kapena dziko lonse. Iwowa amayenda ndi mabuku, nafunsa anthu mafunso, nawerenga kuti odwala ndi angati, akhala kuti, ndipo matendawo anawapeza bwanji. Lero tidzamva za mmodzi wa iwo, Dokotala Rachel Jewkes, amene anaphunzira udokotala ku London nasamukira ku South Africa m'caka ca 1994. Kumeneko anatsogolera kwa zaka zambiri gulu lofufuza za umoyo wa akazi ndi amuna m'bungwe la South African Medical Research Council.

Tiyambe ndi kuno kwathu, kuti muone cifukwa cake nchito ya munthu wa kutali cotere itikhudza. Matenda a Edzi anadziwika koyamba m'Zambia m'caka ca 1984. M'caka ca 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko lonse kuti mwana wao anamwalira ndi matenda amenewa, pa nthawi imene anthu ambiri anali kuopa ngakhale kuchula dzina lake. Kuyambira masiku amenewo aphunzitsi, anamwino, abusa, ndi ife a pa wailesi, takhala tikubwereza malangizo amodzimodzi: dziletseni, khalani okhulupirika, dzitetezeni, kapimitseni magazi. Malangizowa ndi abwino, ndipo apulumutsa anthu ambiri. Komabe pamene boma linawerenga m'caka ca 2021, linapeza kuti pa akazi 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo, pafupifupi 14 anali ndi kacirombo ka HIV, pamene pa amuna 100 anali 8 cabe. Ku South Africa nako akazi ndiwo aculuka. Mbali ina ya kusiyanaku icokera ku mapangidwe a thupi, pakuti thupi la mkazi, makamaka la mtsikana wosakhwima, lilandira kacirombo msanga. Koma Mai Jewkes anaona kuti thupi lokha silingalongosole zonse. Funso lao linali lakuti: nanga munthu amene adziwa malangizo onsewa, koma akayesa kuwatsata amenyedwa, malangizowo amuthandiza ciani?

Kukhala ndi ganizo ndi cinthu cimodzi, kulitsimikizira ndi cina. Poyamba Mai Jewkes ndi anzao, motsogoleredwa ndi Kristin Dunkle, anafunsa amai apakati 1,366 amene anabwera ku sikelo m'makiliniki anai a ku Soweto, pafupi ndi Johannesburg. Zimene anapeza zinasindikizidwa m'caka ca 2004: amai amene amuna ao anali kuwamenya kapena kuwalamulira mwankhanza anapezeka ndi kacirombo kawirikawiri koposa anzao. Koma kufufuza kwa tsiku limodzi kuli ngati cithunzi cojambula. Cithunzi cionetsa zinthu ziwiri zili pamodzi, koma sicinena cimene cinafika poyamba. Munthu wokayika akhoza kunena kuti mwina matendawo ndiwo anayamba, ndipo nkhanza zinadza pambuyo, nyumba itasokonezeka. Wofufuza wabwino sakwiya ndi munthu wotere. Amapita kukafuna yankho.

Yankholo analipeza ku Eastern Cape, cigawo ca midzi yosauka kumene kukhala anthu olankhula Cixhosa. Kuyambira m'caka ca 2003 kufikira 2006 anagwira nchito m'midzi ndi makomboni 70 ozungulira tauni ya Mthatha, pakati pa anyamata 1,360 ndi atsikana 1,416 a zaka zapakati pa 15 ndi 26, ambiri a iwo ana a sukulu. Anatenga atsikana 1,099 amene magazi ao analibe kacirombo pa ciyambi, nalemba amene anali kucitidwa nkhanza ndi amene sanali kucitidwa, nawatsatira kwa zaka ziwiri. Pa mapeto pake atsikana 128 anali atatenga kacirombo. Tsono mverani masamu ake. Pa atsikana 100 alionse amene anacitidwa nkhanza kangapo ndi abwenzi ao, pafupifupi 10 anali kutenga kacirombo m'caka cimodzi. Pa 100 a anzao ena, pafupifupi 5. Atacotsapo zifukwa zina zimene zikanasokoneza ciwerengero, kusiyanako kunacepa koma sikunathe: ngozi ya wocitidwa nkhanza inali yoposa ya mnzake ndi theka. Anawerenganso kuti pa atsikana 100 alionse otenga kacirombo catsopano, pafupifupi 12 akanapulumuka cikhala kuti nkhanzazo panalibe. Apa panalibenso kukayika za cimene cinayamba, pakuti nkhanza zinalembedwa m'buku magazi akali bwino. Zimenezi zinalengezedwa m'caka ca 2010.

Kodi cibakera cingapatse bwanji munthu kacirombo? Sicipatsa cokha ai, koma citsegula khomo. Munthu wokakamizidwa kugona ndi wina amabvulala m'thupi, ndipo pa cironda ndi pamene kacirombo kalowera mosabvuta. Munthu wokhala mwamantha sangakane, sangapemphe mnzake kubvala kondomu, sangafunse kumene mnzake anagona dzulo. Amaopa kupita kukapimitsa, ndipo akapatsidwa mankhwala amawabisa m'thumba la ufa kapena kwa mnansi, namwa tsiku lina, tsiku lina osamwa. Palinso cina cimene ofufuzawa anaciona pofunsa amuna eni ake: mwamuna wankhanza kawirikawiri ndi yemweyo amene amwa mowa mopitirira ndi kukhala ndi zibwenzi zambiri, kotero kuti iye mwini ali pa ngozi yaikuru ya kutenga kacirombo ndi kukabweretsa kunyumba. Makhalidwe onsewa amera pa muzu umodzi, ndiwo ganizo lakuti umuna uoneka pa kugonjetsa akazi.

M'midzi yomweyo Mai Jewkes anayesanso mankhwala a bvutoli, ngati tingawache mankhwala, pakuti sanali a m'botolo. Anali maphunziro ochedwa Stepping Stones, ndiko kunena miyala yopondapo pooloka mtsinje. Inu amene mumaoloka kamtsinje popita ku sukulu mudziwa kuti munthu salumpha madzi onse kamodzi. Aponda mwala uwu, kenaka uwo, kufikira atafika tsidya. Maphunzirowa anawalemba ndi Alice Welbourn, amene anayamba kuwayesa ku Uganda nawasindikiza m'caka ca 1995, ndipo Mai Jewkes ndi anzao anawakonza kuti ayenerane ndi anthu a ku South Africa. Anyamata anali kukhala paokha, atsikana paokha, gulu lirilonse ndi mtsogoleri wa msinkhu wofanana nao kapena wokulirapo pang'ono. Panalibe woima kutsogolo ndi coko. Anali kukambirana, kucita masewero, kuyeseza kukana, kuyeseza kupempha cinthu popanda kuopseza, ndi kufunsana kuti mkwiyo ucokera kuti ndipo mowa uwacititsa ciani. Nthawi zina magulu awiriwo anali kukumana kuti aonetsane masewero ao. Zonse pamodzi zinatenga maola pafupifupi 50.

Njira imene anayesera maphunzirowa ndi yofanana ndi imene mungayesere feteleza m'munda wa sukulu. Mugawa munda pawiri, mubzala mbeu imodzimodzi tsiku limodzimodzi, muthira feteleza mbali imodzi yokha, ndipo pokolola muyerekeza. Iwonso anagawa midzi ija pawiri mwa kucita maere, kuti pasakhale kukondera. Midzi 35 inalandira maphunziro onse, ndipo ina 35 inalandira phunziro limodzi lokha la maola atatu lonena za HIV.

Zotsatira zinaturuka m'caka ca 2008, ndipo apa ndifuna aphunzitsi amvetsetse. Cimene ofufuzawo anali kucilakalaka koposa sicinacitike. Ciwerengero ca otenga HIV sicinasiyane mokhutiritsa pakati pa midzi ya mbali ziwirizo. Ganizani za munthu amene wagwira nchito zaka zingapo, waononga ndalama zambiri za eni ake, ndipo pa mapeto ayenera kuima pamaso pa dziko ndi kunena kuti, mbali iyi sitinapambane. Mai Jewkes ananena zimenezo poyera, ndipo ine ndiyesa kuti cifukwa ca ico tiyenera kukhulupirira zina zimene ananena. Pakuti zinalipo zina. Matenda ena opatsirana pogonana ochedwa herpes, amene amaturutsa tizironda tothandiza HIV kulowa m'thupi, anacepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu m'midzi ya maphunziro. Anyamata a m'midzi imeneyo ananena kuti anacepetsa kumenya ndi kukakamiza abwenzi ao, ndipo kusinthaku kunaonekabe patapita zaka ziwiri. Wina anganene kuti mnyamata akhoza kunama pofuna kukondweretsa womufunsa. Ndi zoona. Koma za herpes zija sanazimve pakamwa pa munthu, anaziona m'magazi.

Kwa atsikana kusintha kwa makhalidwe sikunaoneke kweni-kweni. Ici sicidabwitsa munthu wodziwa umoyo wa kumudzi. Mtsikana angaphunzire bwino kunena kuti "sindifuna", koma ngati sopo, nsapato ndi ndalama za sukulu zicokera kwa munthu yemweyo amene ayenera kumukana, mau akewo akhala opepuka. Ndico cifukwa cake pambuyo pake anzao a Mai Jewkes anaonjeza ku maphunzirowo mbali ya kufuna nchito ndi kusunga ndalama, nakaiyesa m'makomboni a ku Durban.

Nchito imeneyi inafikanso kuno. Kuyambira m'caka ca 2014 Mai Jewkes anatsogolera nchito yaikuru yochedwa What Works to Prevent Violence, yofufuza m'maiko ambiri a mu Africa ndi Asia njira zoletsera nkhanza kwa akazi ndi atsikana. Kufufuza kumodzi kwa nchitoyi kunacitika m'makomboni atatu a mu Lusaka, kumene bungwe la kuno lochedwa SHARPZ linagwirizana ndi akatswiri a ku Johns Hopkins University. Anatenga mabanja 248 amene mwamuna anali kumwa mowa mopitirira ndipo mkazi anali kucitidwa nkhanza. Theka la mabanjawo linalandira uphungu kucokera kwa anthu wamba a m'komboni amene anaphunzitsidwa nchitoyo. Patapita caka cimodzi nkhanza ndi ucidakwa zinacepa kwambiri m'mabanja amenewo, kotero kuti oyang'anira analamula kuti kuyerekezako kulekeke, mabanja otsalawo naonso alandire uphungu.

Tsono mau kwa inu ana. Wina akakugwirani thupi mosayenera, akakukakamizani kucita zamanyazi, kapena akakupatsani mphatso ndi kukuuzani kuti musauze munthu, mlandu si wanu, ngakhale wocitayo akhale wacibale, mphunzitsi kapena munthu wolemekezeka. Izi zicitikira anyamatanso. Uzani munthu wamkuru amene mumkhulupirira, ndipo akapanda kukumverani, uzani wina. Fulumirani, pakuti ku cipatala kuli mankhwala ochedwa PEP amene amaletsa kacirombo kukhazikika m'thupi, koma agwira nchito pokhapo munthu akayamba kumwa pasanapite maola 72, ndiwo masiku atatu, ndipo amamwedwa masiku 28. Ku polisi kuli cigawo ca Victim Support Unit coona milandu yotere, ndipo dziko lathu liri ndi lamulo loletsa nkhanza zimenezi limene linakhazikitsidwa m'caka ca 2011. Nambala ya lamya ya ana ndi 116, ndipo kuimba kwake ndi kwaulere.

Aphunzitsi, mwana akabwera kwa inu ndi nkhani yotere, musamufunse pamaso pa anzake, musamutume kukaitana munthu amene wamuchula, ndipo musalole kuti nkhaniyo ithere pa kulipirana mbuzi masiku atatu aja akupita. Cipatala coyamba, zina pambuyo. Pa phunziro la m'kalasi, gawani anyamata paokha ndi atsikana paokha monga anacitira ku Mthatha. Gulu lirilonse likonze sewero lalifupi la mwana amene mnzake wamkuru amuumiriza kucita cimene iye safuna, ndi m'mene angayankhire. Pambuyo pake magulu awiriwo aonetsane masewero ao, ndipo mufunse anyamata cimene aona m'sewero la atsikana cimene sanali kucidziwa. Lembani nambala ya 116 pa bolodi, ndipo muisiye pomwepo mlungu wonse.